Wina akuti zikuyenda, wina akuti zalephereka: magwero asanu a nkhani za nkhondo yakunja, ndi loti musankhe

Mu Novembala 2005 andale awiri a chipani chimodzi ku America, cha Democratic, anafotokoza nkhondo imodzi ngati nkhondo ziwiri. John Murtha, phungu wa ku Pennsylvania yemwe anamenyapo nkhondo ku Vietnam, anati asilikali a dziko lake achita zonse zomwe akanatha ku Iraq, ndiye abwereko. Milungu iwiri isanathe, seneta Joe Lieberman, atangobwera kumene kuchokera ku Iraq komweko, analemba mu Wall Street Journal kuti zinthu zikupita patsogolo, asilikali asachoke. Murtha ankayendera asilikali ovulala m'zipatala. Lieberman anaona magalimoto atachuluka m'misewu ndi mafoni a m'manja atafalikira. Palibe amene anachita kupeka zomwe anaona.

Nkhani ino ndi ya munthu amene ayenera kusankha gwero loti alidalire: wophunzira amene akulemba za nkhondo, mtolankhani wa pawailesi amene ayenera kufotokozera omvera madzulo ano, mphunzitsi, kapena aliyense amene watopa ndi kukangana pagulu la WhatsApp popanda poyambira. Zitsanzo ndazitenga ku Iraq, zina ku Afghanistan, chifukwa nkhondo zimenezi mabuku ake a ndalama anatsegulidwa kale, ndipo lero tingathe kuika mawu a aliyense pambali pa zomwe zinadzachitika.

Zoyezera

Funso loyamba kwa gwero lililonse ndi lakuti likuyeza chiyani. Mu Julaye 2007 boma la George W. Bush linauza aphungu kuti pa mfundo 18 zomwe boma la Iraq linayenera kukwaniritsa, 8 zikuyenda mokhutiritsa. Mu Sepitembala ofesi ya GAO, yomwe imalondoloza ntchito za boma m'malo mwa Nyumba ya Malamulo, inati zokwaniritsidwa ndi 3 zokha, 4 zatheka mbali imodzi, 11 ayi. Mfundo zake zinali zomwezo. Boma linkafunsa ngati pali kusuntha, pomwe GAO inkafunsa ngati ntchito yatha. Mikangano yambiri ya andale imabisala pamenepa.

Chachiwiri, wolankhulayo angataye chiyani atanena zoipa? Chachitatu, kodi inu mungatsimikize nokha zomwe wanenazo, kapena muyenera kungokhulupirira? Chachinayi ndi nthawi: nkhaniyo ikufika lero kapena pakapita zaka ziwiri?

Kupatula mafunso amenewa, gwero lililonse ndaliyezanso pa zinthu zina zinayi: mtengo wake kwa inu, kupezeka kwake, ntchito yolitsatira, ndi ngozi zake.

1. Mawu a andale eni ake

Mtengo: palibe. Amakupezani okha pawailesi, pa TV ndi pafoni, musanawafune n'komwe.

Kupezeka: tsiku lililonse, ndipo amamasuliridwa msanga m'zinenero zambiri. Pa magwero onse asanu, ili ndilo limafika mosavuta kwa munthu wosawerenga Chingelezi.

Ntchito yolitsatira: apa m'pamene pali thukuta. Mawu a wandale alibe phindu mukawamva kamodzi. Phindu lake limabwera mukawasunga pamodzi ndi tsiku lake, n'kuwatulutsanso pakapita chaka. Mu Marichi 2003 Paul Wolfowitz, wachiwiri kwa nduna ya zachitetezo, anauza aphungu kuti Iraq, pokhala ndi mafuta, ingathe kudzilipirira yokha ntchito yomanganso dziko. Mu Epulo Andrew Natsios, mkulu wa USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizo kunja, anati gawo la America lidzakhala madola 1.7 biliyoni basi. Pofika Novembala chaka chomwecho aphungu anali atavomereza madola 18.4 biliyoni. Amene sanasunge mawu a mu Epulo sakanaona chachilendo mu Novembala.

Ngozi: wandale amasankha choti muone. Pa 1 Meyi 2003 Bush analengeza ali pa sitima yankhondo ya USS Abraham Lincoln kuti nkhondo yaikulu yatha, kumbuyo kwake kuli chinsalu chonena kuti ntchito yatheka. Asilikali a America omwe anali atafa pofika tsikulo sanakwane 150, koma pomwe ankachoka mu 2011 anali pafupifupi 4,500. Kumapeto kwa Meyi 2005 Dick Cheney, wachiwiri kwa Bush, anati zigawenga zikupuma mpweya womaliza, ndipo chaka chotsatira chinadzakhala chimodzi mwa zaka zamagazi kwambiri.

Chenjerani makamaka ndi wandale wonena kuti wadzionera yekha. Pa 1 Epulo 2007 seneta John McCain ndi anzake anayenda mumsika wa Shorja ku Baghdad n'kunena kuti chitetezo chikubwerera. Mike Pence, yemwe panthawiyo anali phungu, anafanizira msikawo ndi misika ya kwawo ku Indiana. Anayendamo atavala zodzitetezera ku zipolopolo, akuperekezedwa ndi asilikali pafupifupi 100, ndege za helikopita zikuzungulira pamwamba. Atolankhani atabwererako mawa lake, amalonda a mumsikawo anafotokoza zina.

Musaganize kuti otsutsa boma ndiwo amalondola nthawi zonse. M'mwezi womwewo wa Epulo 2007 Harry Reid, mtsogoleri wa maseneta a Democratic, anati nkhondoyi yaluzika kale. Pofika kumapeto kwa chakacho imfa zinali zitatsika kwambiri. Wotsutsa nayenso ali ndi chisankho choti apambane.

2. Akuluakulu a asilikali ndi ziwerengero zawo

Mtengo: ndi zaulere, koma nthawi zambiri zimabwera ngati mavidiyo aatali a misonkhano ya makomiti a aphungu, omwe amadya bandulo. Funani zolembedwa za msonkhanowo m'malo mwa vidiyo.

Kupezeka: zimatuluka pomwe asilikali afuna, kapena pomwe lamulo lawakakamiza. Zikayamba kuoneka zoipa zimatha kusowa. Ku Afghanistan asilikali a America ankafalitsa chiwerengero cha maboma ang'onoang'ono omwe ali m'manja mwa boma ndi omwe ali m'manja mwa Taliban. Mu 2019 anasiya kuchiwerenga. Kusowa kwa chiwerengero nakonso ndi nkhani.

Ntchito yolitsatira: muyenera kudziwa tanthauzo la chilichonse chomwe akuwerenga, ndi kuona ngati tanthauzolo lasintha pakati pa lipoti ndi linzake. Gulu lomwe linatsogoleredwa ndi James Baker ndi Lee Hamilton linanena mu Disembala 2006 kuti tsiku lina mu Julaye chakacho asilikali analemba ziwembu 93, koma atafufuza bwino malipoti a tsiku lomwelo anapeza zochitika zachiwawa 1,100. Munthu wa ku Iraq akaphedwa, sikuti nthawi zonse zinkalembedwa ngati chiwembu.

Ngozi: mkulu wa asilikali amadzilembera yekha malikisi pa mayeso ake. Chiwerengero chosokeretsa kwambiri ndi cha asilikali a eni dziko omwe akuti aphunzitsidwa. Andale ankachitchula m'mazana a zikwi, koma mu Sepitembala 2005 General George Casey, mkulu wa asilikali a America ku Iraq panthawiyo, anavomera pamaso pa maseneta kuti magulu a asilikali a Iraq otha kumenya nkhondo okha, popanda thandizo la America, atsika kuchoka pa atatu kufika pa limodzi. Mu Juni 2014 gulu lankhondo la Iraq linathawa ku Mosul. Pa 8 Julaye 2021 Joe Biden anatchula asilikali 300,000 a Afghanistan, ndipo pa 15 Ogasiti Kabul inagwa. Ambiri mwa asilikaliwo anali maina chabe pa mndandanda wa malipiro.

Komabe gwero ili silotaya. General David Petraeus, yemwe analowa m'malo mwa Casey, atauza aphungu mu Sepitembala 2007 kuti chiwawa chikutsika, ena anamunyoza, koma miyezi yotsatira inaonetsa kuti pa mfundo imeneyo ankanena zoona. Pomwe panafunika kusamala ndi pa chifukwa chake. Asilikali owonjezera pafupifupi 30,000 omwe America inatumiza chakacho anathandiza, inde, koma mafuko a Asuni ku Anbar anali atatembenukira al-Qaeda, mtsogoleri wa Ashia Muqtada al-Sadr anali ataimitsa gulu lake lankhondo mu Ogasiti, ndipo madera ambiri a Baghdad anali atakhala bata chifukwa anthu a mbali inayo, Asuni kapena Ashia, anali atathamangitsidwamo kale. Asilikali amadziwa bwino zomwe zachitika, koma pofotokoza chifukwa amakokera kwawo.

3. Olondoloza chuma cha boma

Ili ndilo gwero lomwe ine ndimaliika patsogolo pa nkhani ya kumanganso dziko, ngakhale ndi lomwe anthu saliwerenga.

Mtengo: malipoti ndi aulere pa intaneti, ndipo fayilo ya PDF siidya bandulo ngati vidiyo. Mtengo weniweni ndi kuleza mtima, chifukwa amalembedwa m'Chingelezi cha m'maofesi, masamba mazanamazana.

Kupezeka: kumadalira ngati dziko lopereka ndalamalo linakhazikitsa ofesi yotere. Ku Iraq kunali SIGIR, yotsogoleredwa ndi Stuart Bowen kuyambira 2004 mpaka 2013. Ku Afghanistan kunali SIGAR, yomwe inakhazikitsidwa mu 2008, ndipo John Sopko anaitsogolera kuyambira 2012. Onse ankatulutsa lipoti miyezi itatu iliyonse. Nkhondo zambiri zilibe ofesi yotere, ndipo pomwe ilipo siikhala pamtendere: mu 2006 m'lamulo lina la zachitetezo munalowetsedwa ndime yotseka SIGIR, ndipo inachotsedwa pokhapokha nkhaniyo itaphulika.

Ntchito yolitsatira: yochepa kusiyana ndi momwe ikuonekera. Werengani kalata ya kumayambiriro ndi chidule, kanayi pachaka. Kenako sankhani ntchito imodzi, kaya chipatala, kaya malo opangira magetsi, muziitsata lipoti ndi lipoti.

Chomwe gwero ili limachita, chomwe ena onse sachita, ndi kubwerera pamalo pomwe riboni inadulidwa kale. Pofika Epulo 2007 SIGIR inali itayendera ntchito 8 zomwe boma la America linali litalengeza kuti zatheka, n'kupeza kuti 7 sizikugwiranso ntchito monga zinakonzedwera, zina miyezi yochepa chabe chitsegulireni. Makina analipo, koma panalibe owakonza, zida zosinthira kapena ndalama zoyendetsera. Mu 2006 inapeza kuti pa zipatala zing'onozing'ono 150 zomwe kampani ya Parsons inayenera kumanga, zomalizidwa zinali 6, madola 186 miliyoni atapita kale. Ndende ya Khan Bani Saad m'chigawo cha Diyala inadya madola 40 miliyoni n'kusiyidwa yosamalizidwa, osasungamo mkaidi ndi mmodzi yemwe. Lipoti lomaliza la Bowen mu Marichi 2013 linati pa madola 60 biliyoni omwe America inagwiritsa ntchito, osachepera 8 biliyoni anangowonongeka. Ku Afghanistan, ndege 20 zonyamula katundu za mtundu wa G222 zinadya madola 486 miliyoni, ndipo 16 mwa izo zinadzagulitsidwa ngati zitsulo zakutha pa madola 32,000.

Taonani kusiyana kwake. Wandale ankati zipatala 150 zikumangidwa, ndipo sankanama, chifukwa mgwirizano unasainidwa ndipo maziko anakumbidwa. Wolondoloza chuma ankafunsa ngati mayi wodwala angalowemo lero n'kupeza namwino.

Ngozi: amafika mochedwa. Pomwe lipoti likutuluka ndalama zinapita kalekale. Ntchito yawo ndi kusaka zolakwika, choncho mukawerenga iwo okha mudzaganiza kuti palibe mpopi ndi umodzi womwe unatulutsapo madzi. Amalondola ndalama za dziko lawo, osati moyo wa eni dziko, ndipo kumalo oopsa kwambiri nawonso safikako. Pomaliza, sangakuuzeni amene akupambana nkhondo. Imeneyo si ntchito yawo.

4. Atolankhani

Mtengo: apa ndiye pali kulipira. New York Times, Washington Post ndi Wall Street Journal zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi, m'madola. BBC, Al Jazeera, AP ndi The Guardian zimawerengeka popanda kulipira m'maiko ambiri.

Kupezeka: nkhondo ikamayamba amachuluka, ikakhalitsa maofesi awo amatsekedwa limodzilimodzi, nthawi yomwe ntchito yomanganso dziko ikufika pofunika maso.

Ntchito yolitsatira: tsatani maina a atolankhani, osati a nyuzipepala zokha, ndipo yang'anani komwe nkhani yalembedwera. Yolembedwa ku Washington ndi yolembedwa ku Basra si zofanana ngakhale zili patsamba limodzi.

Ngozi: mtolankhani woyenda ndi gulu la asilikali amaona zomwe gululo likuona, ndipo amadya nawo, kugona nawo, kutetezedwa nawo. Woyenda yekha amaika moyo pachiswe: mu 2006 mokha atolankhani oposa 30 anaphedwa ku Iraq, ambiri mwa iwo eni dziko, mmodzi wa iwo Atwar Bahjat wa Al Arabiya, yemwe anaphedwa ku Samarra tsiku lomwe mzikiti wa al-Askari unaphulitsidwa. Nyuzipepala zikuluzikulu nazonso zimapusitsika. New York Times inavomera mu Meyi 2004 kuti nkhani zake zina za zida zoopsa za Saddam Hussein sizinafufuzidwe mokwanira. Mu 2005 Los Angeles Times inaulula kuti asilikali a America ankalipira nyuzipepala za ku Iraq kuti zisindikize nkhani zolembedwa ndi asilikaliwo, ndipo mu 2008 kunadziwika kuti akuluakulu a asilikali opuma omwe ankaoneka pa TV ngati akatswiri oima paokha ankapatsidwa mfundo ndi unduna wa zachitetezo. Komabe ndi atolankhani omwe anatulutsa zithunzi za nkhanza za ku ndende ya Abu Ghraib mu Epulo 2004, ndipo ndi Washington Post yomwe inalimbana kukhoti zaka zitatu mpaka mu Disembala 2019 inafalitsa zomwe akuluakulu anauza SIGAR mseri, zosemphana ndi zomwe ankanena poyera.

5. Owerenga imfa ndi ofunsa eni dziko

Mtengo: zambiri ndi zaulere. Iraq Body Count, malipoti a United Nations ndi Iraq Index ya bungwe la Brookings zinali pa intaneti kwa aliyense.

Kupezeka: kosadalirika, chifukwa kafukufuku woyenda khomo ndi khomo amachitika kamodzikamodzi, ndipo boma la dziko lomwe lili pankhondo limatha kuleka kupereka ziwerengero za m'zipatala.

Ntchito yolitsatira: muyenera kumvetsa njira yomwe awerengera, apo ayi mudzasokonezeka. Mu Disembala 2005 Bush anati anthu a ku Iraq omwe afa ndi pafupifupi 30,000. Mu Okutobala 2006 kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anapeza imfa pafupifupi 655,000 zoposa zomwe zikanachitika popanda nkhondo, ndipo Bush anaukana. Kafukufuku wina wa boma la Iraq ndi WHO, wofalitsidwa mu Januwale 2008, anapeza imfa zachiwawa 151,000 pofika Juni 2006. United Nations inati anthu wamba 34,452 anaphedwa mu 2006 mokha. Ziwerengerozi sizikuyankha funso limodzi. Iraq Body Count imawerenga imfa zolembedwa zokha, choncho imakupatsani malire a pansi. Kafukufuku wa khomo ndi khomo amafunsa mabanja ochepa n'kuyerekeza dziko lonse, ndipo kulakwitsa pang'ono posankha makomo kumakula kwambiri pochulukitsa.

Ngozi: aliyense amatola chiwerengero chomukomera. Koma ndi gwero ili lokha lomwe limafunsa munthu amene nkhondoyo ikumuchitikira pakhomo. Sabata yomwe Petraeus ankalankhula kwa aphungu, kafukufuku wa BBC, ABC ndi NHK anaonetsa kuti anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse a ku Iraq ankati chitetezo chaipiraipira m'madera momwe munawonjezedwa asilikali. Nkhani ya magetsi inali chimodzimodzi. Akuluakulu ankatchula mphamvu ya magetsi ya dziko lonse, pomwe anthu a ku Baghdad, omwe Saddam ankawakondera, anali atatsala ndi maola ochepa patsiku chifukwa magetsi tsopano ankagawidwa kumadera onse. Wa ku Basra ndi wa ku Baghdad akanakupatsani mayankho osiyana, onse oona. Ife odziwa kuzima kwa magetsi sitifunika kuuzidwa kuti chofunika si nambala ya nduna koma ngati chigayo chagaya lero.

Loti musankhe

Ngati mukufuna kudziwa chomwe boma likonza kuchita, kaya kuwonjezera asilikali, kaya kuchoka, mverani andale. Pa zimenezi ndiwo eni nkhani, ndipo kusintha kwa kalankhulidwe kawo kumatsogolera kusintha kwa ndondomeko. Musawagwiritse ntchito poyeza momwe zinthu zilili kunkhondoko.

Ngati ndinu wa pawailesi ndipo muli ndi ola limodzi, tengani nkhani ya AP kapena BBC yolembedwa pamalopo, muiike pambali pa chikalata cha asilikali, ndipo pomwe zasemphana uzani omvera kuti zasemphana, n'kutchula amene wanena chilichonse.

Ngati mukulemba pepala la kusukulu yaukachenjede, kapena mumagwira ntchito m'bungwe la zachitukuko ndipo mukufuna kudziwa chifukwa chomwe ntchito zomangidwa ndi ndalama zakunja zimafera, yambani ndi malipoti a SIGIR ndi SIGAR. Mawu a andale muwaike pambuyo, ngati umboni wa zomwe zinalonjezedwa.

Ngati mukutsatira Ukraine, kumbukirani kuti madola 486 biliyoni omwe Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi anzake anatchula mu Febuluwale 2024, ndi 524 biliyoni omwe anatchula chaka chotsatira, ndi ndalama zofunika pomanganso dzikolo, osati zoperekedwa, osatinso zomwe zamanga kanthu. Wandale akatchula mabiliyoni, funsani kuti ndi ati mwa atatuwa.

Ngati mkangano wanu ndi wa anthu omwe afa, musatchule nambala imodzi. Tchulani yotsika, yokwera, ndi njira yomwe iliyonse inapezekera.

Ndipo ngati muli ndi m'bale wanu m'gulu lankhondo lomwe latumizidwa kunja, monga mabanja a ku Malawi omwe anagona maso mu Januwale 2025 pomwe zigawenga za M23 zinkalanda mzinda wa Goma ku DRC ndipo asilikali athu ena anaphedwa, magwero asanuwa sangakuuzeni za munthu wanuyo. Za iye funsani ku likulu la gulu lake, ndipo musakhulupirire mndandanda wa maina woyenda pa WhatsApp kapena Facebook. Za momwe nkhondoyo ikuyendera, werengani malipoti a gulu la akatswiri a United Nations loona za DRC, omwe amatuluka kawiri pachaka m'Chingelezi ndi m'Chifalansa, ndipo amatchula poyera amene akupereka zida kwa ndani.